Makalata Awiri a Madotolo, ndi Mboni Imene Inaitanidwa Mocedwa

Mwezi uno tifuna kuyesa makalata awiri pa muyeso. Eni ace sanalembere ife. Analembera madotolo anzao a ku America, nawatumiza ku nyuzipepala ya madotolo yosindikizidwa mu mzinda wa Boston, dzina lace New England Journal of Medicine. Kalata yoyamba inaturuka m'caka ca 1980, yaciwiri m'caka ca 2012. Onse awiri ndi aafupi, kotero kuti munthu angathe kuwawerenga madzi a nsima asanawire. Koma m'zaka za pakati pa makalatawa, ndi pambuyo pacenso, anthu ambirimbiri a dziko lija analowa m'manda cifukwa ca mankhwala amene makalatawo anena, ndipo ife tiganiza kuti pa malembedwe ao pali kanthu koyenera kukaona bwino. Kwathu kuno mlandu ukafika pabwalo, mfumu siweruza isanamve mwini cilonda. Tifuna kuona ngati anzeru a kutsidya kwa nyanja anasunga mwambo umenewu.

Tiyambe ndi mankhwalawo, kuti tisasokere. Kuli duwa lina limene alima kwambiri ku maiko a ku Asia, dzina lace poppy, ndipo akaceka cipatso cace cisanakhwime, muturuka utomoni umene aucha opium. Mu utomoni umenewu apezamo morphine ndi codeine, ndipo mwa kusinthasintha apanganso ena a mtundu womwewo, monga oxycodone, oxymorphone ndi heroin. Fentanyl ndiye apanga osatengako kanthu ku duwalo, koma nchito yace m'thupi ndi yomweyo. Onsewa aletsa ululu, ndipo pa ululu waukuru ndiwo adaliridwa koposa. Amene anadwazikapo mbale wao wa nthenda ya khansa, namuona alikubuula usiku wonse, kenaka nagona tulo atamwa morphine wamadzi, sadzalola kuti munthu anyoze mankhwala amenewa, ndipo ifenso sitiwanyoza. Koma thupi liwazolowera msanga. Muyeso umene unakwanira mwezi watha sukwaniranso mwezi uno, ndipo munthu wozolowera akaleka kumwa adwala: aturuka thukuta, atsegula m'mimba, mapfupa amphwanya, tulo timthawa. Mwa anthu ena kudwala kumeneku kubala cibaba, conga cija ca fodya cimene agogo athu acidziwa, koma coposa kutali, cakuti munthu agulitsa ndi mphasa yomwe kuti acitonthoze. Ndiponso mankhwalawa acedwetsa mpweya. Munthu akapyola muyeso agona, napuma pang'ono pang'ono, kufikira aleka kupuma.

Kalata yoyamba anailemba anthu awiri a ku Boston University, Jane Porter ndi Hershel Jick, ndipo inasindikizidwa mu January 1980. Iri ndi ziganizo zisanu zokha. Ikuti iwo anasanthula mabuku a zipatala m'mene munalembedwa za odwala 39,946. Mwa amenewo, 11,882 analandirapo mankhwala a mtundu wa morphine. Ndipo mwa iwo anapeza anai okha amene mabuku anacitira umboni womveka kuti anagwidwa ndi cibaba asanakhale naco kale. Cifukwa cace olembawo anati cibaba ncosowa pakati pa odwala otere.

Sitinena kuti ciwerengero cimeneci ncabodza. Tikhulupirira kuti anawerenga bwino zimene zinali m'mabuku. Koma tafunsani nokha: odwalawo anali kuti? Anali cigonere m'cipatala, m'mene mankhwala akhala m'kabati yokhoma, namwino napereka pa ora lace, ndipo wodwala akaturuka mankhwala atsala m'kabati momwemo. Kalata sinena kuti ali yense analandira muyeso wotani, kapena masiku angati. Palibe amene anatsata odwalawo kumudzi kukaona m'mene analikukhalira patapita miyezi itatu. Ndipo coposa zonse, amene analankhula m'kalatayo ndi mabuku a cipatala, si odwala ai. Tsono cibaba ndi nthenda imene mwini wace aibisa, pakuti icititsa manyazi, ndipo m'dziko lija ifikitsa munthu ku ndende. Kufunafuna nthenda yobisika m'buku la anthu amene anabisiridwa nthendayo kuli ngati kufunsa mwini nkhokwe kuti mbewa zace ndi zingati. Iye adzawerenga zimene anaziona masana.

Kalatayo ikadakhala m'malo mwace, ikadakhala kanthu kakang'ono kosalakwa. Cimene cinaipsa ndi m'mene ena anainyamulira. M'caka ca 2017 madotolo a ku Toronto m'dziko la Canada, mmodzi wa iwo David Juurlink, anawerenga zolemba zonse za anzeru zimene zinachula kalata ija, napeza 608. Mwa zolemba 100 ziri zonse, 72 zinaichula monga umboni wakuti cibaba ncosowa pa odwala omwa mankhwalawa, ndipo 81 sizinanene konse kuti odwala aja anali ogonekedwa m'cipatala. Mau amene ananenedwa za munthu wogona m'cipatala anasanduka mau onena za munthu wa msana wowawa amene apatsidwa botolo la mibulu kuti azikamwa yekha kunyumba caka conse. Ndipo Jick mwini, atakalamba, anauza atolankhani kuti zinammvetsa cisoni ndi manyazi kuona m'mene kalata yace inagwirira nchito.

Amene anapindula koposa ndi ganizo lakuti cibaba ncosowa anali a kampani ya Purdue Pharma. Boma la America linabvomereza mankhwala ao ochedwa OxyContin mu December 1995, ndipo anayamba kugulitsidwa m'caka ca 1996. Mbulu wace unali wa oxycodone wambiri, wopangidwa mwakuti uzisungunuka pang'ono pang'ono m'mimba kwa maora 12. Amithenga a kampaniyo anayendera madotolo m'mizinda ndi m'midzi, nawauza kuti mwa odwala 100 safika ndi mmodzi yemwe wogwidwa ndi cibaba. Koma anthu a m'midzi ya m'mapiri a Virginia, West Virginia ndi Kentucky, ndi a ku Maine, anazindikira msanga kuti mbuluwo ukaphwanyidwa, mphamvu ya maora 12 ituruka nthawi imodzi. Ndipo anayamba kuupera, ena nakoka ufa wace m'mphuno monga fodya wopera, ena nadzibaya nao. Nzeru imeneyi inali pakamwa pa anyamata a sukulu omwe. Dotolo wina wa kumudzi, Art Van Zee, wa ku St. Charles m'boma la Lee ku Virginia, anayamba kupfuula za ici ca m'ma 2000, ndipo m'caka ca 2001 anasonkhanitsa maina a anthu opempha kuti mankhwalawo acotsedwe pa malonda. Iye sanali ndi nzeru zoposa za madotolo a ku Boston. Anali kokha pafupi ndi anthu, namva zimene odwala ndi makolo ao analikumuuza. M'caka ca 2007 kampaniyo ndi akuru ace atatu anabvomera mlandu wa kusokeretsa anthu pa za kuopsa kwa mankhwalawo, nalipira madola oposa 600 miliyoni.

Mu August 2010 a Purdue anaturutsa mbulu watsopano, wolimba wosaphwanyika msanga, umene ukathiridwa madzi usanduka phala lonanda losalowa m'singano. Ambiri anakondwera, nati khomo latsekedwa.

Apa ndipo pafika kalata yaciwiri, imene inasindikizidwa m'nyuzipepala yomwe ija mu July 2012. Anailemba Theodore Cicero ndi Matthew Ellis a ku Washington University mu mzinda wa St. Louis, pamodzi ndi Hilary Surratt. Iwo anacita cinthu capafupi ndithu: anafunsa eni cibaba. Kuyambira July 2009 kufikira March 2012, anthu 2,566 amene analikulowa m'nyumba zothandiza ogwidwa ndi mankhwala m'madera osiyanasiyana a dzikolo anayankha mafunso pa pepala, osalembapo maina ao. Mwa iwo, 103 analola kuceza ndi ofufuzawo motalikirapo, pa telefoni kapena pa intaneti, kuti afotokoze m'mau ao eni. Zimene ananena ndi izi. Mbulu watsopano usanafike, pafupifupi 36 mwa anthu 100 ali onse anati OxyContin ndiwo mankhwala ao oyamba kuwafuna. Patapita miyezi 21, otero anatsala 13 okha. Kufikira apa akadaomba m'manja a kampani. Koma anthu omwewo ananenanso kuti sanaleke. Omwa heroin pakati pao anacuruka pafupifupi kawiri. Mwa aja anacezedwa amene anadziwa mibulu yonse iwiri, 24 pa 100 anati anapeza njira yogonjetsera mbulu wolimbawo, ndipo 66 pa 100 anati anangosamukira ku mankhwala ena a mtundu womwewo, ambiri a iwo ku heroin, pakuti anali wochipa ndi wosabvuta kupeza.

Mnyamata ali yense amene anakumbapo mbewa adziwa kuti una uli ndi khomo lina lobisika, lija alicha mbuli, ndipo wokumba wopanda nzeru amene ayang'ana khomo lalikuru lokha abwera kumudzi ndi khasu lokha. Akuru a mankhwala anatseka khomo lalikuru osafunsa kuti mbuli iri kuti. Ndipo kumene anthu anathawirako kunali koipa koposa, pakuti mbulu wa ku fakitale uli ndi muyeso wodziwika, koma ufa wogula pa mseu palibe adziwa mphamvu yace kapena cimene asanganizamo.

Tidziwa kuti wina mwa inu alikunena mu mtima kuti, Kodi munthu wa cibaba ndi mboni yoikhulupirira? Si uja anama kwa mai wace, naba ndalama za mkazi wace? Funso limeneli nlolungama, ndipo sitilikankhira pambali. Inde, anama, koma tiyeni tione pamene anama. Anama kwa iye amene ali ndi mphamvu ya kumlanga, kapena ya kummana, kapena ya kumcititsa manyazi. Pa pepala lopanda dzina, pamene palibe cimene apindula kapena kutaya, cifukwa ca kunama cicepa. Ndipo umboni wa anthu awa unayesedwa ndi mboni ina yosanama, ndiyo mabuku a imfa. M'caka ca 2010 anthu ofa ndi heroin ku America anali ngati 3,000. M'caka ca 2016 anapitirira 15,000. Sitinena kuti mbulu watsopano wokha ndiwo unacita zonsezi, pakuti pa nyengo yomweyo heroin anachipa, boma la Florida linatseka nyumba za madotolo acinyengo ogulitsa mibulu, ndipo kuyambira ca m'ma 2013 fentanyl analowa m'malonda a pa mseu. Koma m'caka ca 2018 anzeru a za cuma atatu, Abby Alpert, David Powell ndi Rosalie Pacula, anaonetsa kuti madera amene kale anali ndi anthu ambiri omwa OxyContin molakwa ndiwo amene imfa za heroin zinakwera koposa pambuyo pa 2010. Cimene anthu onyozeka aja ananena m'caka ca 2012, ophunzira anadzacitsimikiza patapita zaka 6. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko, anatero akale. Ndipo iye ndiye adziwanso kumene citseko ciri, ngakhale mu mdima.

Cicero ndi anzace anapitiriza kufunsa mwa njira yomweyi, ndipo m'caka ca 2014 anaonetsa cinthu cina cimene mabuku a apolisi sakadacionetsa: mwa anthu amene anayamba mankhwalawa m'zaka za m'ma 1960, 80 pa 100 anayambira pa heroin yemweyo, koma mwa oyamba m'zaka za m'ma 2000, 75 pa 100 anayambira pa mankhwala a kwa dotolo. Njira ya ku heroin inali itadzera ku cipatala.

Pa zimenezi kalata yaciwiri iposa yoyamba kutali, ndipo tiiyamika. Koma tikaleka pa kuyamika tidzacita comwe cija anacita onyamula kalata yoyamba. Nayonso iri ndi malire ace. Ofunsidwawo anali okhawo amene anafika pa khomo la cithandizo. Amene analikumwabe osafuna kuleka, amene anasowa ndalama za cithandizo, ndi amene anafa asanafike, mau ao mulibe. Mulibenso mau a mnyamata amene mwina sanayambe konse cifukwa mbulu wolimba unamkanika, ndipo ngati alipo otere, ndi phindu limene kalatayi singathe kuliwerenga. Anthu 103 aja anali odzipereka okha, ndipo odzipereka kulankhula safanana masiku onse ndi okhala cete. Amene atenga kalata iyi nanena kuti mibulu yolimba njopanda pace konse, anyamula katundu amene kalatayo sinamsenze.

Cotidandaulitsa cacikuru ndi nthawi. Anthuwa anafunsidwa khomo litatsekedwa kale. Funso lakuti, Mbulu uwu ukalimba mudzacitanji? linali lotheka kufunsa m'caka ca 2009, ndipo yankho lace linali pakamwa pa anthu zikwi zambiri. Likadamveka msanga, nyumba za cithandizo zikadakonzedwa, ndi mankhwala othandiza kuleka, monga methadone ndi buprenorphine, akadafikitsidwa ku midzi ija pa tsiku lomwelo mbulu unasinthidwa. Ndipo kuti muone kuti phunzirolo silinalowe, imvani za mudzi wa Austin m'boma la Scott ku Indiana, mudzi wa anthu ngati 4,200. M'caka ca 2012 kampani ina, ya Endo, inasinthanso mbulu wace wa oxymorphone wochedwa Opana ER, kuti usaphwanyike. Anthu amene kale analikuukoka m'mphuno anayamba kudzibaya nao. Mbuluwo unali wa mtengo wapatali, cotero anthu angapo anasonkherana kugula umodzi, nagawana, ndi singano yomwe nabwerekana, pakuti lamulo la Indiana pa nthawiyo silinalole kugawira anthu otere singano zatsopano. Boma la Scott kale silinkafika anthu asanu pa caka opezeka catsopano ndi kacirombo ka HIV. Kuyambira November 2014 kufikira November 2015 anapezeka 181, ndipo ocuruka ndithu a iwo anati analikudzibaya Opana. Mu March 2015 bwanamkubwa Mike Pence analengeza kuti kwagwa tsoka, nalola kugawa singano. Ndipo mu June 2017 boma linapempha a Endo kucotsa mbuluwo pa malonda. M'mene anthu analikugawanira mbulu umodzi, ndi cifukwa cace, ofufuza anadzazimva bwino pamene anakhala pansi ndi eni ace a ku Austin nawafunsa. Koma pamenepo kacirombo kanali katalowa kale m'mabanja, mwina atate ndi mwana m'nyumba imodzi.

Pali nkhani ya ndalama, imene sitingailumphe. Mafunso a Cicero anali nthambi ya bungwe loyang'anira kamwedwe kolakwa ka mankhwala lochedwa RADARS. Bungwe limeneli analiyambitsa a Purdue eni ace, ndipo m'caka ca 2006 linaperekedwa m'manja mwa cipatala ca boma ca Denver Health. Koma ndalama zace zambiri zicokera kwa makampani opanga mankhwala, amene alipira kuti alandire ziwerengero. Tinene zoona: olemba kalata sanabise mau owawa, ndipo nkhani ya heroin sinali yokondweretsa kampani iri yonse. Pa ici ayenera ulemu. Koma taonani theka la nkhani limene linayenda msanga. Mu April 2013 boma linalola a Purdue kulemba pa mankhwala ao kuti mbulu watsopano uchinga kamwedwe kolakwa, ndipo linakaniza makampani ena kupanga mbulu wakale uja wochipa, pa nthawi yomwe cilolezo ca Purdue ca kupanga okha mbulu wakalewo cinali kutha. Mau akuti anthu aleka OxyContin anali ndi owanyamula amphamvu. Mau akuti anthu asamukira ku heroin analibe mwini wa cuma, nayenda pansi. Eni cibaba anapereka umboni wonse, koma sanakhale pamene umboniwo unagawidwa.

Pamenepa tifika pa cimene tiyesa muzu wa nkhani. Kufunsa munthu ndi cinthu cimodzi, kukhala naye pa upo ndi cina. Mbiri ya anthu a cibaba m'manja mwa ofufuza a ku America siikoma. M'caka ca 1935 boma linatsegula nyumba yaikuru ku Lexington m'dera la Kentucky, imene inali ndende ndi cipatala pamodzi, ndipo m'menemo munali cipinda ca kafukufuku. Akaidi analoledwa kudzipereka kuti ayesedwe mankhwala atsopano, ndipo kufikira m'zaka za m'ma 1950 ena a iwo analipidwa ndi morphine kapena heroin, comwe cija cinawamangitsa. Madotolo anaphunzira zambiri kumeneko za cibaba, ndi za methadone yemwe, koma kuyesa akaidi kunalekeka m'zaka za m'ma 1970, anthu atazindikira kuti kubvomera kwa munthu womangidwa, wa cibaba, amene alikuona mankhwala m'dzanja la womfunsa, si kubvomera kweni kweni. Kucokera ku Lexington kufika ku kalata ya 2012 ndi ulendo wautali wabwino: thupi loyesedwa linasanduka munthu wofunsidwa. Koma mafunso anali a ofufuza, ndi mayankho anapita nao ofufuza.

Amene anayamba kukana kacitidwe kameneka ndi eni ace, pamene anasonkhana m'magulu. Ku Vancouver m'dziko la Canada, m'dera la aumphawi lochedwa Downtown Eastside, m'mene HIV ndi imfa za mankhwala zinacuruka kotero kuti akuru a za umoyo analengeza tsoka m'caka ca 1997, omwa mankhwala anapanga gulu lao m'caka ca 1998, dzina lace Vancouver Area Network of Drug Users. Dera limenelo lafufuzidwa kambirimbiri, ndipo anthu ace anatopa kuona alendo akubwera ndi mapepala, nafunsa za zilonda za mu mtima, nacoka osabweranso. M'caka ca 2019 anthu a m'deralo, mothandizana ndi ophunzira a ku Simon Fraser University, analemba cikalata cochedwa Research 101, couza ofufuza m'mene ayenera kufikira pa mudzi wao. Zimene apempha nzosadabwitsa kwa munthu woleredwa pa mudzi: mlendo ayambe wadziwika, anene amene wamtuma ndi amene alipira ulendo wace, eni mudzi aone mafunso asanafunsidwe, nakhale ndi mphamvu ya kukana, wogwira nchito alandire mphotho yace, ndipo zikatha, wofufuza abwerenso kudzanena zimene anapeza m'mau omveka. Mlendo wofika pa mudzi wathu osadzera kwa mfumu, nayamba kuwerenga nkhokwe, tonse tidziwa m'mene timlandirira.

Pa za mphotho ena aopa, nati ukapatsa wa cibaba ndalama wamgulira mankhwala. Mantha amenewa anayesedwanso. M'caka ca 2005 David Festinger ndi anzace a ku Philadelphia anapatsa anthu a m'nyumba za cithandizo ndalama zosiyanasiyana pobwera kudzayankha mafunso, napima mikodzo yao pambuyo pace. Ndipo sanapeze kuti olandira ndalama zambiri anamwa mankhwala koposa anzao. Anapeza kokha kuti olandira bwino anabweranso mokhulupirika pa tsiku lopangana.

Sitifuna kukometsa magulu amenewa kopyola muyeso. Gulu liri lonse liri ndi olankhula ace, ndipo mkazi wa ana atatu amene amwa mibulu mobisa m'nyumba mwace, woopa kuti boma lingamlande anawo, sapezeka pa msonkhano. Munthu wodziwa bwino m'mene mbulu ulowera m'thupi mwace sadziwa mwa ico cokha m'mene ucitira m'matupi a anthu zikwi khumi. Pamenepo pafunika wowerenga. Ndipo eni ace ali ndi mantha ao oona: kuti cimene aulula lero cidzakhala msampha wao mawa, monga anaona kuti nzeru ya kuphwanya mbulu, itadziwika, inabala mbulu wolimba wopanda cithandizo cotsagana nao. Munthu amene umboni wace unamtsekera khomo sadzafulumira kucitiranso umboni. Cifukwa cace tiyesa kuti kuwapatsa malo pa upo kupindulitsa ofufuza omwe, cifukwa ndi njira yokha yakuti mboni ibwerenso mawa.

Abale athu okhala ku Harare ndi ku Johannesburg adziwa kuti nkhani yotere siiri kutali monga America. Mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine, amene anyamata a ku Zimbabwe awacha bronco, amwedwa kumeneko ngati mowa. Ndipo ku Nigeria boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a cifuwa otere m'caka ca 2018. Kuletsa kuli ndi malo ace. Koma tsiku limene akuru aganiza zotseka khomo lotere, funso la ku St. Louis liyenera kufunsidwa kwa anyamatawo khomo lisanatsekedwe, ndipo wofunsa akhale wokonzeka kumva yankho losakoma. Ndipo asaiwale wodwala khansa wa kumudzi, amene bvuto lace ndi kusowa kwa morphine, si kucuruka kwace. Nayenso ndi mboni imene siitanidwa kawirikawiri.

Za kalata yoyamba ija, akonzi a nyuzipepala ya ku Boston anaisiya monga inali kwa zaka 37. M'caka ca 2017, madotolo a ku Toronto atawerenga zolemba 608 zija, akonziwo anaika mau a cenjezo pamwamba pace, odziwitsa owerenga kuti kalatayo yachulidwa kambiri mosasanthula monga umboni wakuti cibaba ncosowa. M'caka comweco anthu 47,600 anafa ku America ndi mankhwala a mtundu wa morphine.